Zipolopolo za .22 mu revolver: zimene zimagwirizana ndi zimene zingakuvulazeni

Munthu amene ali ndi revolver ya .22 kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ali nayo mwalamulo ndi chiphaso chake, amadziwa kuti zipolopolo sizipezeka wamba. Ogulitsa ovomerezeka ali kutali, katundu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo m'kabati mumatsala timabokosi ta mitundu iwiri kapena itatu, tina tofufutika zilembo. Pa bokosi lililonse pali nambala imodzimodzi, .22, koma pambali pake pali mawu osiyana: Short, Long, LR, WRF, WMR kapena Magnum. Ndiye funso limabwera: poti zonsezi ndi .22, ndipo chipolopolocho chikulowa mu silinda (chigawo chozungulira cha revolver chimene chili ndi zipinda za zipolopolo) popanda kukakamiza, cholakwika n'chiyani?

Kulowa kokha sikutsimikizira kanthu. Ngozi zina zimachokera pa chipolopolo chimene chalowa mosavuta kwambiri, chifukwa chalowa m'chipinda chachikulu kuposa msinkhu wake. Nambala ya .22 imangonena za kunenepa kwa mutu wa chipolopolo, pafupifupi mamilimita 5.6. Sinena chilichonse za khoko limene lili kumbuyo kwa mutuwo, pamene pa nkhani ya chitetezo khokolo ndilo lofunika kuliyang'anitsitsa.

Rimfire n'chiyani

Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: khoko la mkuwa, onga, mankhwala oyatsa ongawo, ndi mutu umene umatuluka kumpope. Mu zipolopolo zikuluzikulu, monga za mfuti za apolisi ndi asilikali, mankhwala oyatsawo amakhala m'kabatani ka pakati pa tsinde la khoko. Zimenezo ndi za centrefire. Za rimfire, monga za .22 tatchulazi, zilibe kabatani. Tsinde la khoko amalipinda kuti likhale ndi mkombero wa mphako mkati, amathiramo mankhwala oyatsa akadali onyowa, n'kuzunguza khokolo kuti mankhwalawo afike mumkombero monse. Mukakhethemula mfuti, kachitsulo kotchedwa firing pin kamatswanya mkomberowo pamphepete pa chipinda cha silinda, mankhwala amayaka, onga n'kugwira moto.

Njira imeneyi inayambira ku France mu 1845 ndi mmisiri wa mfuti Louis-Nicolas Flobert, amene ankapanga tizipolopolo topanda onga towombera m'nyumba. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson ku America inawonjezera onga ndi kutalikitsa khoko, n'kupanga .22 Short ya revolver yake yoyamba, Model 1, ya zipinda 7. Choncho rimfire ndi revolver zinakulira limodzi.

Kapangidwe kameneka kali ndi zotsatira zake. Kuti firing pin ithe kutswanya mkombero, mkuwa uyenera kukhala wopyapyala ndi wofewa, ndipo mkuwa wotero sungathe kupirira wokha mphamvu ya mpweya wotentha umene onga umatulutsa. Bungwe la SAAMI, limene opanga mfuti ndi zipolopolo ku America anakhazikitsa mu 1926, limaika malire a mphamvu ya mpweyawo mu .22 LR pa 24,000 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya). Poyerekeza ndi 35,000 psi ya chipolopolo cha 9mm imeneyi ndi yocheperako, koma kwa kakhoko kopyapyala ndi mphamvu yoopsa. Chimene chimateteza khoko ndi chitsulo cha chipinda chimene lakhalamo. Aliyense wokonza njinga pa Lizulu amadziwa kuti chubu chimapirira mpweya wambiri chikakhala mkati mwa tayala lolimba lochikwana bwino, koma tayala likang'ambika pambali chubu chimatumphukira pomwepo n'kuphulika. Khoko limafufuma pang'ono pokha, n'kutsamira khoma la chipinda, n'kutseka njira kuti mpweya usabwerere kumaso kwa wowombera. Khomalo likakhala patali, mkuwa umang'ambika usanalifike.

Pali kanthu kena kochokera pomwepa. Mukakhethemula revolver ya rimfire mulibe chipolopolo, pa mfuti zambiri zakale firing pin imakamenya chitsulo cha pamphepete pa chipinda. Pang'onopang'ono pamabwera kachilonda kolowera mkati, makoko amayamba kukanirira potuluka, ndipo zipolopolo zimayamba kukana kuphulika. Mfuti zina zatsopano anazikonza kuti izi zisachitike, koma ngati buku la mfuti yanu silinena choncho, ikanimo makoko ogwiritsidwa kale ntchito musanayeserere.

Short, Long ndi Long Rifle: khoko lonenepa mofanana

Zitatu izi ndi pachibale chenicheni. Long inabwera mu 1871, ndipo Long Rifle, imene timangoti LR, inabwera mu 1887 kuchokera ku kampani ya J. Stevens Arms & Tool. Zonse zitatu khoko lake ndi lonenepa mamilimita 5.7, mkombero wake mamilimita 7.1. Zimasiyana kutalika ndi kulemera kwa mutu. Khoko la Short ndi lotalika mamilimita 10.7, mutu wake pafupifupi magalamu 1.9. Long ili ndi khoko la mamilimita 15.6 ndi mutu womwewo wa magalamu 1.9. LR ili ndi khoko lofanana ndi la Long koma mutu wolemera magalamu 2.6, ndipo chipolopolo chonse chimafika mamilimita 25.4.

Mutu wa zitatuzi ndi wa kapangidwe kakale. Mbali imene ikuoneka kunja ndi yonenepa mofanana ndi khoko, ndipo kuli kachitendene kochepa kamene kamalowa mkati mwa khokolo. Mukayendetsa chala kuchokera pa khoko kupita pa mutu simumva sitepe yeniyeni. N'chifukwa chake chipinda cha LR chimakhala pafupifupi chibowo chowongoka, ndipo n'chifukwa chakenso mafuta ofewetsa mutu amapakidwa kunja ngati phula.

Mu revolver yabwinobwino yolembedwa .22 LR mutha kuwombera Short ndi Long popanda ngozi. Khoko limatsamira khoma mofanana, mkombero umakhala pamalo pake, ndipo popeza silinda imazungulira ndi dzanja kapena chala chanu, osati ndi mphamvu ya chipolopolo monga mu pisitolo yodzikoka yokha, kufooka kwa Short sikusokoneza kayendedwe ka mfuti. Malire a Short ndi 21,000 psi, pansi pa a LR.

Vuto la Short limabwera pambuyo pake. Pakamwa pa khoko lalifupi pamatsala mwaye, phula lopserera ndi timtovu, ndipo zimenezi zimaumbika kukhala mphete yolimba mkati mwa chipinda, pamtunda wa mamilimita pafupifupi 11 kuchokera kumbuyo. Khoko la LR limapitirira malo amenewo ndi mamilimita 5. Mukabwerera ku LR osatsuka, chipolopolo chimalimba polowa, mkombero sukhazikika mpaka pansi, ndipo hamala, chitsulo chimene chimakankha firing pin, ikamenya, mphamvu yake imathera pokankhira chipolopolo mkati m'malo motswanya mkombero. Chikaphulika, khoko limafufumira pa mpheteyo n'kukanirira. Anthu ambiri amapinda ndodo yotulutsira makoko chifukwa choimenya ndi mtengo pamenepa. Mankhwala ake ndi osavuta: tsimikizani kuti mfuti ilibe chipolopolo, nyowetsani chipinda chilichonse ndi mankhwala otsukira mfuti, dikirani mphindi 10, zunguzani burashi ya mkuwa ya .22 pamalo a mpheteyo, pukutani ndi kansalu mpaka katuluke koyera, kenako umitsani. Musakande ndi msomali kapena sandipepa, chifukwa chipinda chokalika chimagwira makoko moyo wake wonse.

Kubwerera mbali inayo n'kosaloledwa. Revolver yolembedwa .22 Short yokha isalandire Long kapena LR, ngakhale zitalowa. Zina mwa mfuti zoterezi zinapangidwa nthawi ya onga wakuda, chitsulo chake n'chofewa, ndipo ngakhale Short ya masiku ano yolembedwa High Velocity, mtundu umene unayamba m'zaka za m'ma 1930, ingaiphwanye. Mfuti ya zaka zoposa 100 yosiyidwa ndi agogo ndi yofunika kuonedwa ndi mmisiri wa mfuti isanawombe chilichonse.

Magnum si LR yotalika

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Winchester inatulutsa .22 Winchester Magnum Rimfire mu 1959, ndipo pa mabokosi imalembedwa .22 WMR, .22 Win Mag kapena .22 Magnum. Mukaziimika pamodzi patebulo, WMR imaoneka ngati LR imene yangotalika. Koma mutu wake, wa mamilimita 5.69, umalowa wonse mkati mwa khoko monga zimakhalira ndi zipolopolo zikuluzikulu, ndipo kawirikawiri umavekedwa chikopa cha kopa. Kuti mutu ulowe mkati, khoko liyenera kunenepa kuposa mutuwo. Khoko la WMR ndi lonenepa mamilimita 6.1, mkombero mamilimita 7.5, kutalika mamilimita 26.8, ndipo chipolopolo chonse mamilimita 34.3.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti malire a SAAMI a WMR ndi 24,000 psi, chimodzimodzi ndi a LR. Liwiro lake lalikulu, pafupifupi mamita 570 pa sekondi mu mfuti yaitali pamene LR wamba imayenda mamita 330 mpaka 380, limachokera pa kuchuluka kwa onga umene umakankha mutu kwa nthawi yotalikirapo. Mu revolver ya mpope waufupi gawo lina la ongawo limapsera kunja, n'chifukwa chake phokoso ndi moto wake zimakhala zazikulu kwambiri.

WMR silowa m'chipinda cha LR. Ngozi imabwera munthu akaganiza zokuza zipinda ndi drilo kuti ilowe. Khoma la pakati pa zipinda limapyapyala, makamaka pa revolver za zipinda 8, 9 kapena 10, ndiponso mpope wa LR ndi wothina pang'ono: pa mizere yakuya ya mkati mwake ndi mainchesi 0.222, pamene wa WMR ndi 0.224. Mutu wa chikopa cholimba ukakakamizidwa mu mpope wothina, mphamvu ya mpweya imakwera kupitirira malire. Ntchito yotereyi si ya pa shedi ya owotcherera zitsulo, komanso kusintha mfuti kuti izidya chipolopolo china kumaisiyanitsa ndi zimene zinalembedwa pa chiphaso chake.

LR yokha imalowa m'chipinda cha WMR, ndipo imalowa mogwedera. Kusiyana kwa mamilimita 5.7 ndi 6.1 ndi 0.4 basi, koma kwa mkuwa wopyapyala umenewo ndi mtunda wautali. Zimene zimachitika ndi izi. Khoko limafufuma mopitirira, kawirikawiri n'kung'ambika m'litali mwake. Nthawi zina mkombero weniweniwo umaphulika, ndipo mpweya wotentha, onga wosapsa ndi tizidutswa ta mkuwa zimatulukira kumbuyo kwa silinda, kumene kuli dzanja ndi maso anu, ndi m'mbali, kumene kwaima mnzanu. Mutu nawo umauluka mamilimita oposa 10 m'chibowo chachikulu usanafike pothina, umafika wopendekeka, ndipo mtovu umasengeka n'kumatirira pakhomo pa mpope. Popeza mkombero wa LR ndi wochepa, firing pin imatha kuumenya pambali, chipolopolo n'kukana. SAAMI inaika kusakaniza kumeneku pa mndandanda wake wa zosayenera kuchita, pamodzi ndi kuika Short kapena Long m'chipinda cha WMR kapena WRF.

Mudzamva wina akunena kuti anayesa ndipo palibe chinachitika. N'zotheka, chifukwa si khoko lililonse limang'ambika. Zimatengera kufewa kwa mkuwa wa kampaniyo ndi kukula kwa chipindacho. Koma palibe njira yodziwira pasadakhale kuti ndi khoko liti lidzaphulike, ndipo chimene mukuika pachiswe ndi diso.

Revolver za masilinda awiri

Opanga ena anapeza njira yowombera zonse ziwiri mu mfuti imodzi: mpope umodzi, masilinda awiri. Ruger Single-Six, imene inayamba kupangidwa mu 1953, ndiyo yotchuka pa zimenezi. Heritage Rough Rider ndi tima revolver ta North American Arms zimabweranso choncho. Mpope amaupanga pa muyeso wa WMR, ndipo mutu wofewa wa LR umafufuma pang'ono n'kugwira mizere. Chimene chimasintha ndi silinda yokha.

Ngozi ya mfuti zimenezi ndi kuiwala silinda imene ilimo. Pa ma Ruger ambiri ya Magnum ndi yosalala kunja ndipo yalembedwa, pamene ya LR ili ndi mikwasa m'mbali, koma si opanga onse amatsata zimenezi. Werengani zilembo pa silinda nthawi iliyonse. Ngati silinda yosalembedwa ikulandira LR mogwedera, ndipo mukasuzumira mkati mfuti ili yopanda kanthu mukuona sitepe chakutsogolo kwa chipinda, imeneyo ndi ya Magnum.

Silinda ya mfuti ina isaikidwe pa mfuti yanu ngakhale zikhale za kampani imodzi. Silinda iliyonse amailinganiza ndi mfuti yake kufakitale, ndipo Ruger imalemba manambala omalizira a mfutiyo kutsogolo kwa silinda yowonjezera. Zinthu ziwiri ziyenera kulondola. Choyamba, chipinda chiime ndendende kutsogolo kwa mpope pamene hamala ikugwa. Chikaphonya pang'ono, mutu umagunda mphepete mwa mpope ndipo mtovu umalavulidwa m'mbali. Chachiwiri, mpata wa pakati pa silinda ndi mpope ukhale pafupifupi mamilimita 0.10 mpaka 0.15. Ukachepa silinda imakanirira mfuti ikatentha, ukakula mpweya wambiri umathawirapo. Ma Single-Six oyambirira anapangidwa ndi mpope wa LR yokha, choncho kukwana kwa silinda ya Magnum pa mfuti yakale si chilolezo. Ndipo pa revolver iliyonse, chala chisafike pafupi ndi mpata umenewo powombera. Mpweya wa WMR wotulukira pamenepo umacheka khungu.

Zina zimene mungakumane nazo

Stinger ya kampani ya CCI ndi LR, koma khoko lake ndi lotalika pafupifupi mamilimita 17.8 ndipo mutu ndi wopepuka, magalamu 2.1. Mu chipinda wamba cha LR imakwana. M'zipinda zothina za mfuti za mpikisano khoko lotalikalo limapanikizika, ndipo opanga ena amaletsa.

.22 WRF ya Winchester ya mu 1890, imene Remington inkaitcha .22 Remington Special, ndiyo kholo la WMR: khoko lonenepa chimodzimodzi koma lalifupi, mamilimita 24.5. Silowa mu LR, ndipo LR isalowe m'chipinda chake.

.17 HMR inatuluka mu 2002 kuchokera ku Hornady. Ndi khoko la WMR lomwe analifinya kukamwa kuti ligwire mutu wa mamilimita 4.4. Popeza thupi lake ndi la WMR, imalowa mu silinda ya .22 Magnum. Ikaphulikiramo khosi la khoko limang'ambika, mutu waung'ono umayenda mogubuduka mu mpope waukulu, n'kutuluka molowera kulikonse. .17 Mach 2 ya mu 2004 ndi chimodzimodzi ndi silinda ya LR. Choopsa koposa ndi mutu wa .22 wokakamizidwa ku mpope wa .17, chifukwa ulibe potulukira. Amene ali ndi revolver ya .17 HMR asunge zipinda zouma, popanda mafuta: khoko la khosi lofinyika likaterera limabwerera m'mbuyo n'kumanga silinda.

Tizipolopolo ta .22 totchedwa CB ndi Colibri ya kampani ya Aguila ndi tofooka kwambiri. Colibri ilibe n'komwe onga. Timakwana mu LR, koma mutu ukhoza kutsalira mumpope. Zipolopolo zopanda mutu za makina okhomera misomali m'khonkiriti, ngakhale zilembedwe .22, si za mfuti ayi. Ndipo .22 Hornet, .223 ndi 5.56 ndi za centrefire, zilibe chibale ndi nkhani ino kupatula nambala.

Kuzindikira chimene muli nacho

Yambani ndi mfuti. Dzina la chipolopolo limadindidwa pa mpope, nthawi zina pa silinda. Mfuti zopangidwa ku Germany zimatha kulembedwa .22 lfB kapena 5.6 mm lfB, kutanthauza LR, ndipo .22 kurz ndi Short. Za ku Italy ndi Spain zimalemba corto pa Short. Yolembedwa S, L, LR imalandira zonse zitatu. Yolembedwa .22 Cal yokha, kapena yofufutika zilembo, iyenera kuyezedwa zipinda ndi wodziwa. Dzina la pa mfuti, la pa bokosi ndi la pa chiphaso zikhale chimodzi.

Tsinde la chipolopolo cha rimfire kawirikawiri silinena mtundu wake. Pamakhala chizindikiro cha kampani chokha, monga C ya CCI, F ya Federal kapena E ya Eley. Choncho chipolopolo chikachoka m'bokosi mwake, chotsala ndi kuyeza. Vernier caliper ya kwa makaniko ikukwanira: khoko la mamilimita 5.7 ndi la Short, Long, LR kapena .17 Mach 2, la 6.1 ndi la WRF, WMR kapena .17 HMR. Kenako yezani kutalika. Chimene simunachizindikire musachiwombe.

Makoko otuluka m'mfuti amanena zambiri, ndipo ndi bwino kuwayang'ana nthawi zonse. Lofufuma ngati mimba, long'ambika, lakuda ndi mwaye mbali imodzi, kapena la mkombero wotupa, likutanthauza kuti chipolopolo si chake kapena chipinda chatha. Lekani pomwepo.

Chikakana kuphulika, kapena chikalira mofooka

Rimfire imakana kawirikawiri kuposa centrefire, chifukwa mankhwala oyatsa nthawi zina safika mumkombero monse. Mukamva hamala yagwa koma palibe kulira, mfuti ikhalebe yolozetsa kumene mumawombera kwa masekondi osachepera 30. Musakokenso hamala kapena kukhethemulanso, chifukwa pa revolver kutero kumazunguza silinda, ndipo ngati chipolopolo chija chikuchedwa kuyaka, chidzaphulika chitachoka kutsogolo kwa mpope, mutu n'kugunda chitsulo cha mfuti pafupi ndi dzanja lanu. Nthawi ikatha chitulutseni, muone pamene pamenyedwa. Chidindo chakuya chikusonyeza kuti vuto ndi chipolopolo. Chosaoneka bwino chikuloza ku litsiro la pansi pa mkombero, sipuling'i yofooka kapena chipolopolo cholakwika.

Kulira kofooka, kongoti phu, n'koopsa kuposa kukana. Mutu ukhoza kukhala watsalira mumpope, ndipo revolver sidzakuletsani kuwombanso. Wachiwiri ukagunda woyamba, mpope umatupa kapena kung'ambika. Tulutsani zipolopolo zonse, lowetsani ndodo yotsukira kuchokera kukamwa kwa mpope muone ngati ikutulukira mbali inayo. Ngati mutu ulimo, ukankhidwe ndi ndodo ya mkuwa, osati ya chitsulo, ndipo musayese kuutulutsa ndi chipolopolo china.

Magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu n'zofunika ngakhale pa .22. Kachidutswa kakalowa m'diso musatikite kapena kukazula. Phimbani ndi kuthamangira ku chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu. Kumbukiraninso kuti mabokosi a LR amachenjeza kuti mutu umatha kufika mtunda woposa makilomita 2, ndipo umanjanja ukagunda mwala kapena madzi. M'mapiri athu a miyala, mmene minda ndi nyumba zili motalikirana pang'ono, kumbuyo kwa chimene mukuwombera kukhale chulu kapena khoma la dothi lopanda miyala.

Kasungidwe m'dera la chinyezi

Zipolopolo za Short, Long ndi LR sizitsekeka bwino pamene mutu wakumana ndi khoko. Mukaugwira mutu umatha kuzungulira pang'ono. Chinyezi cha m'dzinja ndi nkhungu ya miyezi yozizira ya kuno kumapiri zimalowa pamenepo, mafuta a mfuti nawonso amalowa n'kupha onga. Zisungeni m'mabokosi ake, mtundu uliwonse pawokha, m'chitini chotseka bwino, chokiyidwa, kutali ndi mfuti ndi ana. Zimene zachita dzimbiri lobiriwira pa khoko kapena ufa woyera pa mtovu zatha ntchito. Musaziike m'thumba la malaya pamodzi ndi makiyi kapena mabatire a tochi: phula limatola mchenga umene umakala mpope, ndipo batire ikhoza kutenthetsa khoko mpaka kuphulika. Phula ndi mtovu zimatsala m'manja, choncho sambani ndi sopo musanagwire nsima.

Lamulo la Firearms Act limakhudza zipolopolo monga limakhudzira mfuti, ndipo mfuti ya malemu sisanduka yanu popanda chiphaso cha dzina lanu. Maboma athu awiriwa ali m'malire ndi Mozambique, kumene kunali nkhondo kuyambira 1977 mpaka 1992, ndipo msewu wa M1 umayenda m'malire momwemo pamtunda wautali. Zipolopolo zosadziwika kochokera, zotoledwa m'munda kapena zogulitsidwa pambali, zikhale nkhani ya apolisi. Ana auzidwe kuti kachipolopolo ka rimfire kamaphulika kakamenyedwa ndi mwala kapena kuponyedwa pamoto.

Zimene odziwa sanagwirizanebe

Kodi kuwombera Short kwa nthawi yaitali kumawononga chipinda cha LR mpaka kalekale, kapena kumangosiya mphete yotsukika? Mfuti zakale zambiri zili ndi chilonda pamalo amenewo, koma zinagwira ntchito nthawi ya mankhwala oyatsa odyetsa dzimbiri, amene anasiyidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Ena amati ndi zipolopolo za lero vuto ndi litsiro lokha, ena amati moto wa pakamwa pa khoko umadyabe chitsulo pang'onopang'ono.

WRF mu silinda ya WMR ndi nkhani inanso. Miyeso ya khoko imalola, ndipo ambiri amaiona ngati njira yopezera chipolopolo chofatsa mu Magnum. Koma CCI imachenjeza kuti WRF yake ya mutu wa chikopa isawombedwe mu revolver, poopa mipope yothina ya revolver zakale za WRF, ndipo anthu amasiyana maganizo ngati chenjezolo likukhudzanso revolver zatsopano za WMR. Pamene wopanga mfuti yanu sanalembe kuti n'zololedwa, chenjezo la pa bokosi ndilo lili ndi mphamvu.

Pa revolver za masilinda awiri, ena amati LR imataya kulondola chifukwa mpope ndi wokulirapo ndi mainchesi 0.002, pamene ena amati kusiyanako kumabisika ndi kugwedera kwa dzanja la wowombera. Palinso mtsutso ngati zipolopolo zothamanga kwambiri monga Stinger zimafupikitsa moyo wa revolver zotchipa za thupi la zinki kapena aluminiyamu, ngakhale zili mkati mwa malire a SAAMI.

Funso lovuta kwambiri kwa ife kuno ndi la zaka. Zipolopolo zosungidwa pouma zimatha kugwira ntchito patapita zaka makumi angapo, koma palibe chizindikiro chakunja chosonyeza kuti mankhwala a mumkombero afooka, ndipo bokosi limene lakhala madzinja ambiri m'nyumba ya chinyezi likhoza kuoneka latsopano. Ena amati bokosi lotere liyesedwe pang'onopang'ono pamalo otetezeka, kuyang'ana mpope pakangomveka kulira kwachilendo. Ena amati m'bokosi mukapezeka ziwiri kapena zitatu zokana, lonse liperekedwe ku polisi kuti likawonongedwe.